Bokosi Loikiza kwa Mwini: Mfungulo Iri ndi Yani?



Makolo athu, ponyamuka ulendo wa ku migodi ya ku Johannesburg kapena wa ku minda ya azungu ku Rhodesia, sankasiya katundu wao pabwalo iai. Munthu ankalonga zache za mtengo wapatali m'bokosi lachitsulo, nalitseka ndi loko, nakaliikiza kwa mtsibweni wache kapena kwa mbale wina wokhulupirika. Koma mfungulo ankaimanga pa chingwe m'chuuno, napita nayo. Wosunga ankadziwa kuti bokosilo si lache, ndipo woikiza ankadziwa khomo limene adzagogoda pobwera. Mwambo umenewu unali wabwino, pakuti zinthu zitatu zinali poyera: kumene kuli bokosi, amene ali ndi mfungulo, ndi njira yolitengeranso.

Masiku ano tiikiza katundu koposa makolo athu, koma ambiri a ife sitidziwa konse kuti taikiza. Ndinena za lamya ya m'manja ija yagalasi, imene ana athu aitcha foni. Lamya imeneyi, mwini wache ali m'tulo kapena ali kumunda, ikhoza kutenga zithunzi, maina ndi manambala a anthu, makalata ndi mauthenga, nikaziika m'nyumba ya anthu ena kutsidya la nyanja. Nchito imeneyi iri ndi ubwino wache, ndipo sindidzaubisa. Koma mau a mwezi uno ndi awa: chimene mwaikiza chikhala chanu pokhapo mukadziwa kumene chiri, mukasunga mfungulo inu eni, ndiponso mukadziwa njira yochitengera tsiku limene mudzachifuna.

KODI MTAMBO UMENEWU NCHIANI?

Malo osungirawo eni ache awatcha "mtambo," ndipo dzina limeneli lasokeretsa ambiri, pakuti munthu ayesa kuti zithunzi zache ziri lende m'mlengalenga, kopanda mwini. Si tero iai. Mtambowo ndiwo nyumba zazikulu zomangidwa pa nthaka, zokhala ndi mpanda, alonda ndi magetsi osazima. Ndipo m'kati mwache muli makompyuta zikwizikwi, ondandalikidwa m'mizere ngati mabelo a fodya ku okushoni. Kampani ya Google iri ndi nyumba zotere ku The Dalles m'dziko la America, ku Saint-Ghislain m'dziko la Belgium, ndi ku Hamina m'dziko la Finland, kumene idagula fakitale yakale ya mapepala m'chaka cha 2009, ndipo makina ache iwaziziritsa ndi madzi a m'nyanja ya mchere. Kampani ya Apple iri nazo zache ku Maiden ku America ndi ku Viborg ku Denmark. Chithunzi chimene mwajambula pa ukwati wa mwana wanu chikwera pa nsanja ya lamya, chitsata nthambo zodutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique, chilowa m'nthambo zoyalidwa pansi pa nyanja, ndi kukafika m'nyumba zotere madzi a nsima asanawire.

Mabokosi odziwika ndi awa: Dropbox, imene idatsegukira anthu m'chaka cha 2008, iCloud ya Apple, ya m'chaka cha 2011, Google Drive, ya 2012, Google Photos, ya 2015, ndi OneDrive ya kampani ya Microsoft. Iri yonse ipatsa munthu malo pang'ono aulere: Google ipatsa 15 GB, Apple ndi Microsoft 5 GB, Dropbox 2 GB; ndipo wofuna malo oposa pamenepo alipira mwezi ndi mwezi. Lamya zambiri za kwathu kuno, monga itel, Tecno ndi Samsung, ziyendera nzeru za Google zotchedwa Android. Chifukwa chache tsiku loyamba lomwe zifunsa akaunti ya Google. Tsono mvetsani bwino apa: akauntiyo ndiyo bokosi lanu, ndipo mau achinsinsi otsegulira akauntiyo ndiwo mfungulo.

KUIKIZA NDI KUFANANITSA

Pali nchito ziwiri zimene anthu azisokoneza. Yoyamba ndiyo kuikiza, ndipo pa lamya palembedwa Backup: lamya itumiza chifanizo cha chinthu ku bokosi kuti chikasungike. Yachiwiri ndiyo kufananitsa, ndipo palembedwa Sync: lamya ndi bokosi ziyang'anana ngati munthu ndi kalirole, kotero kuti chochitika kuno chichitikanso uko. Mukalemba nambala ya mlamu wanu, nambalayo ioneka pa lamya kapena kompyuta iri yonse imene yatsegulidwa ndi akaunti yomweyo. Mukaifafaniza, yafafanizika konsekonse.

Ubwino wache ndi woonekeratu. Lamya ikagwera m'chitsime, kapena ikabedwa pa msika, munthu agula ina, nalemba dzina la akaunti ndi mau achinsinsi, ndipo manambala onse abwerera, pamodzi ndi zithunzi za malemu amai ache zimene sakadazipezanso kwina. Ichi si chinthu chochepa.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba, kalirole sasankha. Lamya situmiza zithunzi za ukwati zokha. Itumizanso chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika, cha buku la kuchipatala, cha kalata ya munda, ngakhale chimene mwamuna ndi mkazi wache adafuna kuti chikhale cha iwo awiri okha. Ndipo ngati munalola kamera kudziwa malo, chithunzi chiri chonse chinyamula m'kati mwache tsiku, ora ndi malo enieni pamene chidajambulidwa. Chachiwiri, ambiri, lamya ikadzala, afafaniza zithunzi poyesa kuti zinzache zatsala ku bokosi. Koma pamene pali kufananitsa, wafafaniza kuno wafafaniza ndi uko komwe. Ku iCloud ndi ku Google Drive zofafanizidwa zidikira masiku 30 m'dzala, ndipo pambuyo pache zipitiratu. Chachitatu, kutumizako kudya bandulo. Ambiri adandaula kuti bandulo yao yatha usiku iwo osakhudza lamya. Nthawi zina wakudyayo ndi lamya yomwe, imene inali kututira mavidiyo ku bokosi.

NDANI ANGATSEGULE BOKOSI?

Otsegula alipo anai: mbala, mwini nyumba, boma, ndi munthu wa pakhomo.

Tiyambe ndi mbala. M'mwezi wa Ogasiti 2014 zithunzi za m'seri za akazi otchuka a m'mafilimu ku America zidamwazidwa pa intaneti, dziko lonse nkuziona. Mbalazo sizidathyole mpanda wa nyumba ya makina iai. Zidatumiza makalata onyenga, ooneka ngati achokera ku Apple kapena ku Google, opempha eni kuti alembe mau ao achinsinsi. Ndipo ambiri adapereka mfungulo ndi manja ao. Mmodzi wa mbalazo adalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18 m'chaka cha 2016, koma zithunzi zidali zitapita kale, ndipo manyazi sabwezeka ndi ndende. Ku Dropbox nakonso, m'chaka cha 2012, mbala zidatenga ndandanda ya maakaunti oposa 68 miliyoni, ndipo kukula kwa kubako kudadziwika m'chaka cha 2016. Khomo limene zidalowera linali laling'ono: wanchito wina wa kampaniyo ankatsegula malo awiri ndi mau achinsinsi amodzi, ndipo mbala zitawapeza kwina zidawayesa kuno.

Wachiwiri ndiye mwini nyumba. Makampani atseka katundu wathu bwino kuti akunja asamuwerenge. Koma mwa chizolowezi asunga mfungulo yachiwiri. Ndicho chifukwa chache akhoza kukuthandizani mukaiwala mau achinsinsi. Koma amene angathe kukutsegulirani angathenso kutsegula yekha, ndiponso angathe kukutsekerani kunja. Makina a Google ayang'ana zithunzi zoikizidwa pofunafuna anthu oipa ochita zonyansa ndi ana, ndipo cholinga chimenechi palibe kholo limene lingachitsutse. Koma makina sadziwa mtima wa munthu. M'mwezi wa Febuluwale 2021, nthawi ya mliri wa Covid, bambo wina wa ku San Francisco ku America adaona kuti mwana wache wamng'ono watupa kumalo obisika. A kuchipatala adapempha zithunzi kuti dokotala aone ali kutali. Bamboyo adajambula, mwana adalandira mankhwala, nachira. Koma lamya idatumiza zithunzizo ku bokosi yokha. Patapita masiku awiri akaunti yache idatsekedwa, ndipo nkhani idafika kwa apolisi. Apolisi atafufuza adapeza kuti palibe mlandu. Komabe pamene nyuzipepala ya New York Times idalemba nkhaniyi m'mwezi wa Ogasiti 2022, kampaniyo inali itakana kumbwezera akaunti. Makalata a zaka zambiri, manambala a abale, ndi zithunzi za mwana wache kuyambira ali khanda, zonse zidatsekeredwa m'bokosi limene iye ankaliyesa lache.

Wachitatu ndiye boma, ndipo kawirikawiri si boma lathu, koma la dziko limene kuli kampaniyo. M'chaka cha 2013 Edward Snowden adaulula kuti akazitape a boma la America ankalandira mauthenga ndi zosungidwa za anthu kuchokera ku makampani akulu, mwa iwo Microsoft, Google, Apple ndi Facebook. Makampaniwo adayankha kuti apereka pokhapo lamulo likawakakamiza. M'chaka cha 2018 dziko lomwelo lidapanga lamulo lotchedwa CLOUD Act, lonena kuti kampani ya ku America, ikalamulidwa mwa njira ya lamulo, iyenera kupereka zosungidwa ngakhale ziri m'nyumba ya ku dziko lina. M'chaka chomwecho zosungidwa za anthu a ku China pa iCloud zidasamutsidwira m'manja mwa kampani ya m'dzikomo ku Guizhou, potsata malamulo a kumeneko. Mlimi wa kumudzi sayenera kusowa tulo poopa akazitape a ku Washington. Koma ayenera kudziwa kuti bokosi likhala pansi pa mfumu ya mudzi umene lasungidwa.

Wachinai ndiye woopsa koposa onse kwa ife, pakuti ali pafupi. Taganizani mmene lamya ilowera m'nyumba ya kumudzi. Agogo agula lamya, ndipo posadziwa kutsegula akaunti apempha mnyamata wa pa sitolo, kapena wa potchajitsa, kuti awakonzere. Mnyamatayo asankha dzina, asankha mau achinsinsi, nawabwezera lamya iri kuyenda bwino. Agogo apita okondwa, osadziwa kuti mfungulo yatsala pa sitolo. Mnyamatayo kapena ndi wokhulupirika. Koma atafuna, akhoza kuona zithunzi ndi manambala ao pa lamya yache, iwo ali kwao.

Njira ina ndi iyi. Mwana wa ku Johannesburg kapena wa ku Lilongwe atumizira makolo lamya yache yakale osachotsamo akaunti yache. Kuyambira tsiku limenelo lamya ziwirizo ziri pa kalirole mmodzi: zimene ajambula mwana zioneka kumudzi, zimene ajambula mlongo wache kumudzi zioneka kutauni. Apa palibe mbala, palibe woipa mtima. Koma nkhani zimene zikadakambidwa bwino ndi ankhoswe kapena ndi akulu, pa nthawi yache, zifika m'maso mwa munthu wosayenera, pa nthawi yosayenera, ndipo chibale chisweka.

Palinso njira ya WhatsApp. Akaunti imodzi ya WhatsApp ikhoza kulumikizidwa ku zipangizo zina zinai. Munthu wobwereka lamya yanu kanthawi kochepa, ponena kuti afuna kuimbira mbale, akhoza kuilumikiza ku kompyuta kapena ku lamya yache, ndipo pambuyo pache awerenga mauthenga anu onse ali kwache. Ena achita zimenezi kwa akazi ao kapena amuna ao chifukwa cha nsanje. Ndinena poyera: kusuzumira mobisa sikudalimbitsepo banja. Wokayika mnzache akhale naye pansi, ndipo zikakanika aitane ankhoswe.

MFUNGULO YOKHALA NDI INU NOKHA

Iripo njira yotsekera bokosi kotero kuti ngakhale mwini nyumba sangathe kulitsegula. Lamya yanu isanduliza malembo ndi zithunzi kukhala zosawerengeka zisananyamuke, ndipo chobwezera m'chimake chikhala kwa inu nokha. Kuyambira m'chaka cha 2016 mauthenga a WhatsApp ayenda otsekedwa motero kuchokera pa lamya yanu kufika pa ya mnzanu. Koma kwa zaka zisanu panali mpata: chifanizo cha mauthenga onse chimene lamya inkaikiza ku Google Drive kapena ku iCloud sichinali chotsekedwa ndi mfungulo ya mwini. Zinali ngati munthu anong'oneza mnzache m'khutu, kenaka nalemba zonse m'buku, nalisiya kwa mnansi. M'mwezi wa Okutobala 2021 WhatsApp idapereka njira yotsekera chifanizocho ndi mau achinsinsi kapena ndi mfungulo ya zilembo 64. Koma njirayo siitseguka yokha, mwini ayenera kuisankha pamene palembedwa Chat backup. Apple nayo idapereka njira yotere m'mwezi wa Disembala 2022, yotchedwa Advanced Data Protection. Ndipo kuti muone kulemera kwa mfungulo imeneyi: m'mwezi wa Febuluwale 2025 Apple idaleka kupereka njirayo kwa anthu atsopano ku Britain, zitamveka kuti boma la kumeneko lidafuna khomo lolowera m'mabokosi otsekedwawo.

Koma ufulu umenewu uli ndi mtolo wache. Mukataya mfungulo yotere, palibe ofesi imene mungakalire. Kampani yomwe singathe kukutsegulirani. Chifukwa chache wosankha njira imeneyi ayambe wakonza posunga mfungulo.

BOKOSI LIKHOZA KUTAYIKA

Musayese kuti choikizidwa ku mtambo chikhala mpaka muyaya. M'mwezi wa Januwale 2012 boma la America lidatseka kampani yosungira ya Megaupload pa mlandu wa mafilimu ndi nyimbo zakuba, ndipo anthu osalakwa, amene adaikizako zao zenizeni, adapeza khomo lotseka. M'mwezi wa Malichi 2021 moto udapsereza nyumba ya makina ya kampani ya OVH ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo ena amene analibe chifanizo kwina adataya zonse. Malonjezo nawonso asintha. Google Photos inkasunga zithunzi kwaulere popanda malire, koma kuyambira pa 1 Juni 2021 zithunzi zatsopano ziwerengedwa pa 15 GB zija. Ndipo m'chaka cha 2024 mauthenga a WhatsApp oikizidwa ku Google adayamba kuwerengedwa pomwepo. Malowo akadzala, kuikiza kuleka, ndipo makalata a Gmail saloŵanso. Komanso Google idalengeza kuti kuyambira mu Disembala 2023 ikhoza kufafaniza akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa, pamodzi ndi zonse za m'kati mwache. Akulu adati fodya wako ndiye ali pamphuno. Chinthu chimene simungapirire kuchitaya chikhale ndi chifanizo china m'nyumba mwanu.

CHINSINSI CHA MNZANU

Pali chinanso chimene tisachiiwale. Za m'lamya mwanu si zanu zokha. Muli nambala ya mnansi, muli uthenga wa mlongo wanu wonena za matenda ache, muli ndandanda ya angongole a banki ya kumudzi, muli maina a odwala ndi amasiye amene mlembi wa mphakati adajambula kuti asaiwale. Anthu amenewa adakhulupirira inu. Sadakhulupirire mnyamata wa pa sitolo. Munthu wosasamala mfungulo yache aulula za anzache ngakhale pakamwa pache pali potseka, ndipo mbiri ya munthu ikaonongeka siikonzeka msanga. Tiphunzitsa ana kuti kusunga chinsinsi cha mnzako ndi udindo wa chilungamo. Udindowo lero wafikanso pa lamya.

Malamulo a dziko nawo anenapo. Gawo 21 la malamulo akulu a dziko la Malawi lipatsa munthu ali yense ufulu wosunga za iye mwini, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga a pa lamya. M'chaka cha 2024 dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu zosungidwa ndi ena, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Ku Zambia lamulo lotere lidapangidwa m'chaka cha 2021. Malamulo amenewa ndi abwino. Koma lamulo lifika mlandu utachitika. Chotseka khomo usiku ndi dzanja la mwini nyumba.

ZOYENERA KUCHITA M'BANJA

Tsono ndikupemphani kuti Lamulungu lina madzulo mukhale pansi, makolo ndi ana odziwa kuwerenga za pa lamya, muchite izi.

1. Dziwani dzina la akaunti imene iri m'lamya iri yonse ya pakhomo. Ngati ndi ya munthu wina, ichotsedwe, muikemo yanu.

2. Ngati mau achinsinsi adasankha ndi wina, asintheni lero. Asakhale dzina la mwana kapena chaka chobadwa. Akhale atali, mau atatu kapena anai osagwirizana, ndipo musawagwiritsenso nchito pa malo ena. Wokuthandizani akusonyezeni polemba, koma polembapo ayang'ane kumbali. Palibe chipongwe pamenepa.

3. Mauwo alembeni pa pepala, muwasunge pamodzi ndi makalata a munda ndi a ubatizo, osati m'thumba la lamya. Munthu ali yense wofunsa mau anu achinsinsi, kapena nambala imene yabwera pa uthenga, ngakhale adzitche wa ku kampani, musampatse.

4. Yang'anirani nambala ya lamya imene mudalembetsa ku akaunti, pakuti mukaiwala mau, chithandizo chifika pa nambala imeneyo. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira nchito, kampani ya lamya iipereka kwa munthu wina. Mukasintha nambala, isintheninso ku akaunti.

5. Tsegulani Google Photos, muone ngati Backup iri yoyatsa, ndipo musankhe mwadala, osangosiya mmene mudapezera. Mukafuna kuikiza, lamulani kuti isadye bandulo ya lamya koma idikire Wi-Fi. Zithunzi za kuchipatala ndi za ziphaso, nchito yache ikatha, zifafanizeni m'lamya ndi m'bokosi momwe.

6. Pa WhatsApp onani pamene palembedwa Linked devices. Mukapezapo chipangizo chimene simuchidziwa, chitulutseni nthawi yomweyo.

7. Musanagulitse kapena kupatsa wina lamya, tulutsani akaunti yanu, chotsani memori khadi, ndipo mufafanize zonse kuti ibwerere monga idachokera ku fakitale. Inu ana a kutauni, otumiza lamya kwa makolo, ichi ndi chanu.

8. Zithunzi za mtengo wapatali zikhale pawiri: ku bokosi, ndi pa memori khadi yosungidwa m'nyumba. Zoposa zonse kazitsukitseni pa pepala. Pepala silifunsa mau achinsinsi. Wofuna kutenga zache zonse ku Google akhoza kutero pa malo otchedwa Google Takeout.

9. Konzani za tsiku la imfa. Mabanja ambiri, ataika maliro, apeza kuti zithunzi za malemu, ndi mbiri ya ngongole zimene anthu anali nazo kwa iye, zatsekeka m'lamya imene palibe angaitsegule. Google iri ndi njira yotchedwa Inactive Account Manager, imene munthu asankhiratu anthu osapitirira khumi oti adzalandire zache akaunti ikakhala chete miyezi imene iye watchula. Apple iri ndi Legacy Contact kuyambira mu Disembala 2021; wosankhidwayo adzafunika mfungulo yapadera ndi kalata ya imfa. Ngati izi zikuvutani, uzani munthu mmodzi wokhulupirika pamene pali pepala lija. Kukonzeratu si kuitana imfa iai. Ndiko kukonda otsala.

Abale anga, sindikuuzani kuti mutaye lamya, kapena kuti muope kuikiza. Ndikuuzani kuti mufunse, pakuti safunsa adadya phula. Kholo lisachite manyazi kuphunzira kwa mdzukulu, ndipo mdzukulu asanyade, kapena kusunga mfungulo ya agogo ache ngati yache. Aphunzitse mofatsa, ndi kubweza mfungulo kwa mwini. Amene mwawerenga mau awa, kawawerengereni anzanu osadziwa kuwerenga, makamaka okalamba ndi amai amasiye, amene lamya zao zidakonzedwa ndi manja a ena.

Tsalani ndi mtendere m'mabanja mwanu, kufikira tidzachezanso mwezi wa mawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi